Nyumba nayo imafuna kupuma: za mpweya, chinyezi ndi mbaula m'nyengo yozizira

Awa ndi mawu amene mlangizi wa zomangamanga analankhula pa msonkhano wa atsogoleri ndi anthu okhala mumsasa wa Dzaleka nyengo yozizira itayandikira. Tawasindikiza kuti amene sanathe kufika nawonso awerenge.

Ndapemphedwa kuti ndilankhule za nyumba zimene tikugonamo, makamaka za zinthu zitatu zimene zimayendera limodzi: mpweya, chinyezi ndi moto umene timaotha. Mukasintha chimodzi, zinazo zimasinthanso. Amene mukumva bwino Chichewa, chonde mukawafotokozere anansi anu m'Chiswahili, m'Kirundi kapena m'Kinyarwanda, chifukwa nkhani yake ikukhudza khomo lililonse.

Kuno ku Dowa ndi kumtunda, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri. Amene munachokera kumadera otentha a m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, monga ku Uvira, mukudziwa mmene chisanu cha kuno chimalowera m'mafupa. Mphepo ikayamba, aliyense amathamangira kutseka. Pazenera pamaikidwa katoni, m'mabowo mumalowa nsanza, pansi pa chitseko pamayalidwa thumba, kenako mbaula imalowa m'chipinda. Palibe amene angakudzudzuleni pofuna kuti ana afunde. Koma nyumba yotsekedwa ponseponse imasunga zinthu ziwiri zimene zimayenera kutuluka: madzi ndi poizoni.

Vuto lathu limakula chifukwa cha kuthithikana. Msasa uno unatsegulidwa mu 1994 ndipo unakonzedwera anthu 10,000 mpaka 12,000, koma lero tinadutsa 50,000. Buku la Sphere, limene mabungwe othandiza anthu pa mavuto amatsatira, limati munthu aliyense azikhala ndi malo osachepera masikweya mita 3.5 pansi pa denga. Chipinda cha mamita atatu m'litali ndi atatu m'lifupi ndi masikweya mita 9, ndiye kuti pa muyeso umenewu sichikwanira ngakhale anthu atatu. Tonse tikudziwa zipinda zotere zimene mukugona anthu asanu ndi mmodzi kapena kuposa. Malo sindingakuwonjezereni lero. Chimene ndingathe n'kukufotokozerani mmene chipinda chodzaza chingakhalire chouma ndi chosapha.

Madzi a m'nyumba amachokera kuti?

Mpweya umanyamula madzi ngakhale sitiwaona. Pumirani pagalasi m'mamawa, muona pakuchita mame. Munthu wamkulu akagona usiku wonse, mpweya wake ndi thukuta lake zimatulutsa madzi pafupifupi odzaza botolo laling'ono la zakumwa, lija la mamililita 300. Banja la anthu asanu ndi mmodzi limatulutsa lita imodzi ndi theka kapena malita awiri usiku umodzi, lisanaphike n'komwe. Onjezani nthunzi ya mphika wa nyemba umene wawira maola angapo, zovala ndi matewera oyanikidwa pachingwe m'chipinda, beseni losambira, ndi ndowa zosavindikira. Amene mumaphikira sitovu ya parafini, dziwani kuti lita imodzi ya parafini ikayaka imatulutsa nthunzi yokwana pafupifupi lita imodzi ya madzi. Nkhuni zaziwisi nazo, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo madziwo amathera m'nyumba pamodzi ndi utsi.

Tsono mpweya uli ndi malire. Wotentha umanyamula madzi ambiri, wozizira umanyamula ochepa. Taganizirani bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Pa madigiri 30 mpweya wa m'bokosilo ungasunge madzi okwana magalamu 30. Pa madigiri 20 ungasunge magalamu 17. Pa madigiri 10 ungasunge magalamu 9 okha. Chipinda chija cha mamita atatu, denga lake litakwera mamita awiri ndi theka, mpweya wake wonse pa madigiri 20 sungasunge madzi oposa makapu awiri. Nanga malita awiri aja apita kuti? Ngati palibe potulukira, amakakhala pa chilichonse chozizira chimene apeza: malata, ngodya za khoma, kuseri kwa matumba, kunsi kwa matiresi.

Malata odontha kopanda mvula

Ambiri mwakhala mukudandaula kuti denga likudontha mu Julayi, mwezi umene mvula kulibe. Ena mpaka munakwera pamwamba kukamata misomali ndi phula. Nthawi zambiri dengalo silinabooke. Usiku wopanda mitambo, malata amataya kutentha msanga ndipo amazizira kuposa mpweya wowazungulira. Mpweya wofunda wa m'chipinda umakwera m'mwamba ndi madzi ake, ukakhudza malata ozizirawo umalephera kuwasunga, ndiye amasanduka madontho. M'bandakucha, pamene kwazizira kwambiri, madonthowo amagwera pabulangete. Madzi amene akukudontherani ndi mpweya wanu womwe.

Pepala la pulasitiki limachitanso chimodzimodzi. Udzu wofolera pawokha umalola nthunzi kudutsa pang'onopang'ono, koma tikayala pulasitiki kunsi kwake kuti mvula isalowe, nthunziyo imakanika pamenepo n'kunyowetsa mitengo ya denga, mpaka imawola ndi kugwidwa chiswe. Sindikunena kuti muchotse pulasitikiyo, chifukwa mvula ya Januwale sichita chisoni. Ndikunena kuti denga la malata kapena la pulasitiki limafuna potulukira nthunzi kumtunda kwa khoma.

Chothandiza china ndi siling'i. Ngakhale ya mphasa, ya bango kapena ya matumba osokedwa imachepetsa kutentha kothawira kumalata, ndipo chipinda chimafunda popanda kuwonjezera makala. Koma pakati pa siling'i ndi malata pazidutsa mphepo, kudzera m'mabowo a mbali ziwiri za nyumba. Mukapanda kutero, chinyezi chidzabisala mmenemo n'kuwoletsa zonse osaona. Ndipo siling'i yotere isakhale pamwamba pa malo ophikira kapena pafupi ndi kandulo, chifukwa imagwira moto msanga.

Mbaula m'chipinda chogona

Apa ndipempha kuti mumvetsere kwambiri, chifukwa apa ndi pamene pamafa anthu. Makala akamayaka amadya mpweya wabwino umene ife timapuma. Mpweyawo ukayamba kuchepa m'chipinda chotseka, makala amatulutsa wochuluka mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, sulowa m'maso ngati utsi. Ukafika m'mapapo umakakamira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200, ndiye magazi amayenda m'thupi koma osanyamula chimene ubongo ndi mtima zikufuna.

Ena amati makala akafiira, utsi n'kutha, ndiye kuti ngozi yatha. Ayi ndithu. Makala ofiira opanda utsi amapitiriza kutulutsa poizoniyu mpaka atazimiratu. Ena amaika beseni la madzi pafupi ndi mbaula kapena kuwaza mchere pamakala. Zimenezi sizichotsa poizoni, ndipo beseni la madzilo limangowonjezera chinyezi. Kugona pansi kapena pabedi sikusintha kanthu, chifukwa mpweya umenewu umasakanikirana ndi mpweya wonse wa m'chipinda.

Zizindikiro zake ndi mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kusanza, kufooka ndi tulo tosadziwika bwino. Zimafanana ndi malungo, n'chifukwa chake ambiri amamwa panado n'kugonanso m'chipinda chomwecho. Chosiyanitsa ndi ichi: anthu angapo a m'nyumba imodzi amadwala nthawi imodzi, thupi silitentha, ndipo akatuluka panja amayamba kupeza bwino. Munthu amene ali m'tulo kapena amene wamwa mowa samva zizindikirozi, amangopitirira. Makanda, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala mtima ndi amene amagwa msanga.

Mukapeza anthu afooka m'nyumba mmene muli mbaula, tsegulani chitseko ndi mazenera, atulutseni panja nthawi yomweyo, tulutsaninso mbaulayo. Amene wakomoka mugonekeni cham'mbali, musamumwetse mkaka, madzi kapena china chilichonse, angatsamwe. Thamangirani naye kuchipatala ndipo mukawauze achipatala kuti m'nyumba munali makala. Ngakhale amene akuoneka kuti atsitsimuka apite akaonedwe, makamaka mayi woyembekezera, popeza mwana wa m'mimba amavulala ngakhale mayiyo akumva bwino.

Lamulo lake ndi limodzi: mbaula isagone m'nyumba. Yatsirani panja, phikirani pakhonde kapena m'khitchini yotseguka. Ngati mwailowetsa kuti muothe madzulo, chitseko kapena zenera likhale lotsegula, ndipo musanagone itulutseni n'kuizimitsa. Nanga ana afunda bwanji? Thupi limataya kutentha kwambiri kudzera pansi, choncho yalani makatoni kapena mphasa ziwiri kunsi kwa chogonera. Valitsani ana chipewa ndi masokosi. Thirani madzi ofunda m'botolo lotseka bwino, likulungeni ndi chitenje n'kuliika kumapazi, koma osati pakhungu la khanda. Amayi amene muli m'chikuta, khanda limafunda bwino likakhala pachifuwa panu, khungu kukhudza khungu, mutafunda nonse awiri. Njira imeneyi ndi imene achipatala amaphunzitsa ngakhale kwa ana obadwa masiku asanakwane.

Utsi wa nkhuni nawo si wocheza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ndi umodzi mwa zinthu zazikulu zimene zimachititsa chibayo kwa ana osakwana zaka zisanu. Mwana amene ali kumsana pamene mayi akupemerera moto amapuma utsi womwewo. Chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu, koma nayonso si yoyatsira m'chipinda chotseka.

Kupatsa mpweya njira

Mpweya suyenda ngati uli ndi polowera pokha. Umafuna polowera ndi potulukira. Zinthu ziwiri zimauyendetsa. Choyamba ndi kutentha: mpweya wofunda ndi wopepuka, umakwera, ndipo ukapeza bowo kumtunda umatuluka n'kukoka wina watsopano kuchokera kumunsi. Chachiwiri ndi mphepo ya panja, imene imakankha mpweya mbali imodzi ya nyumba n'kuukoka mbali inayo. Choncho mabowo awiri aang'ono, lina kumtunda kwa khoma ili, lina kukhoma loyang'anizana nalo, amagwira ntchito kuposa zenera limodzi lalikulu. Kampata ka pansi pa chitseko kamakwanira kukhala polowera. Bowo la kumtunda, la kukula ngati njerwa imodzi kapena ziwiri, lisatsekedwe usiku ngakhale kuzizire bwanji. Chifukwa lili pamwamba, mphepo yake siwomba amene agona. Ngati mphepo ikuvutitsa, chepetsani bowo la mbali imene ikuchokera, koma la mbali inayo lisiyeni.

Wina afunsa kuti, kodi kulowetsa mpweya wozizira sikuwonjezera chinyezi? Kumbukirani manambala aja. Mpweya wa panja wa madigiri 10 sungakhale ndi madzi oposa magalamu 9 m'bokosi lija. Ukalowa m'nyumba n'kufunda, umakhala ndi malo onyamulira madzi ena, ndiye umayamwa chinyezi cha m'makoma ndi m'zofunda n'kutuluka nacho. M'nyengo yozizira, mpweya wa panja ndi umene umaumitsa nyumba. Ndipo nyumba youma imafunda msanga, pamene bulangete lonyowa ndi khoma lonyowa zimakuberani kutentha usiku wonse. Amene amatseka ponseponse pofuna kufunda amapezeka akugona m'chipinda chonyowa kuposa cha mnzake.

Chizolowezi chabwino ndi ichi. Dzuwa likakwera m'mawa, tsegulani chitseko ndi mazenera onse, tulutsani zofunda ndi mphasa padzuwa, imikani matiresi kuti kunsi kwake kuume. Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, tsekani mazenera kuti kutentha kumene makoma amwa masana kukhalebe, koma mabowo a kumtunda akhale otsegula. Pophika vindikirani mphika: nthunzi imachepa ndipo makala amapulumuka. Zovala ziyanikidwe panja, ndipo ngati mukuopa akuba, ziyanikeni m'nyumba masana chitseko chili chotsegula, osati usiku pamwamba pa ana.

Ndikudziwa kuti walira mvula walira matope. Bowo lolowetsa mpweya lingalowetsenso udzudzu, makoswe ndi dzanja la wakuba. Udzudzu wa malungo umakonda kulowera pampata wa pakati pa khoma ndi denga, choncho kumata mpata umenewo n'kwabwino. Koma mukamata, boolani mabowo enieni a mpweya n'kuikapo waya wa sefa kapena chidutswa cha neti yakale imene sikugwiranso ntchito. Bowo la njerwa imodzi munthu sangalowerepo, ndipo likakhala pamwamba dzanja silifika pa katundu. Sefayo muziisesa, chifukwa fumbi ndi mwaye zikadzaza imakhala ngati khoma. Neti yogonamo isasiyidwe.

Chinyezi chochokera pansi

Si madzi onse amene amachokera m'mpweya. Khoma la zidina limayamwa madzi a m'nthaka monga mmene chingwe cha koloboyi chimakokera parafini. Mudzazindikira poona kuti chinyezicho chili kumunsi kwa khoma, pali mzere wonga wa madzi osefukira, dothi likufumbutuka, ndipo nthawi zina pali zoyera ngati mchere. Chinyezi cha mpweya chimaoneka kumtunda, m'ngodya ndi kuseri kwa katundu. Cha denga lobooka chimaoneka malo amodzi, mvula ikagwa. Kusiyanitsa zitatuzi kumapulumutsa ndalama, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Zidina zikanyowa kumunsi zimafewa, ndipo khoma limagwa nthawi ya dzinja, kawirikawiri usiku anthu ali m'tulo. Nthawi yokonza ndi ino ya chilimwe. Kwezani khonde kuzungulira nyumba kuti madzi azitsetserekera kutali ndi khoma. Lambulani ngalande, ndipo mugwirizane ndi anansi kumene madziwo azipita, chifukwa nyumba zathu n'zoyandikana ndipo ngalande yanu ingathere pakhoma la mnzanu. Madzi otsukira mbale ndi a kubafa asatayidwe m'tsinde mwa khoma. Denga litulukire kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma. Amene mukumanga kumene, yalani pepala lakuda lija pamwamba pa maziko musanayambe khoma, kuti madzi a pansi asakwere.

Chenjeraninso ndi pulasitala wa simenti pakhoma la zidina lonyowa. Simenti imatsekera madzi m'kati, khoma limaoneka bwino kunja koma likuwola, mpaka pulasitalayo amamatuka zibenthuzibenthu. Dothi losakaniza ndi mchenga, kenako laimu pamwamba, zimalola khoma kuuma, ndipo chuku sichikonda laimu.

Chuku ndi chifuwa

Madontho akuda kapena obiriwira pakhoma, ndi fungo lija la chinyontho m'zovala, ndi chuku. Chimamera pamene pakhala ponyowa masiku angapo, ndipo chimatulutsa timbewu tosaoneka timene timapuma. WHO inatulutsa malangizo a chinyezi ndi chuku m'nyumba mu 2009, ndipo inanena kuti okhala m'nyumba zotere amadwala kawirikawiri chifuwa, kubanika ndi mphumu. Pochotsa, valani nsalu kukamwa ndi kumphuno, tulutsani ana, tsegulani chitseko, pukutani ndi madzi a sopo. Musapale chouma, timbewuto tingauluke. Mukagwiritsa ntchito Jik, musunguleni ndi madzi ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira. Koma dziwani kuti chuku chimabwerera ngati chinyezi sichinachoke.

Matumba a chimanga, ufa ndi mtedza asatsamire khoma kapena kukhala pansi penipeni. Aikeni pamitengo kapena panjerwa, ndipo pakati pa thumba ndi khoma pazilowa dzanja. Chuku cha pachimanga ndi mtedza chingakhale ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale muphike. Bedi ndi kabati nazonso zisunthidwe pang'ono kuchoka kukhoma.

Mpweya wosasintha umasunganso majeremusi. Chifuwa chachikulu chimafala kudzera m'mpweya, ndipo m'chipinda chotseka majeremusi ake amatha kuyandama maola angapo wodwalayo atatsokomola. Ngati m'nyumba muli munthu amene wakhala akutsokomola milungu iwiri, apite akayezetse, ndipo agone pafupi ndi potulukira mpweya.

Mawu kwa eni mabizinesi ndi atsogoleri a mipingo

M'matchalitchi, m'mizikiti, m'makalasi, m'nyumba zoonetsera mpira ndi mafilimu, m'masaluni ndi mophikira chapati ndi mandazi, anthu amachuluka kuposa m'nyumba zogona. Oonetsa mpira amatseka mabowo onse kuti kuwala kusalowe komanso kuti osalipira asasuzumire. Ikani chotchinga patsogolo pa bowo, motalikirana pang'ono ndi khoma, kuti kuwala kutsekeke koma mpweya uzidutsa. Jenereta imatulutsa poizoni yemwe uja wa makala, wochuluka kwambiri. Ikhale panja, kutali ndi chitseko ndi mazenera, anu ndi a anansi. Kuilowetsa m'nyumba ikulira poopa akuba n'kuika moyo pachiswe.

Fani imazunguza mpweya womwewo. Imaziziritsa thupi koma sichotsa chinyezi kapena majeremusi, pokhapokha itaikidwa pazenera kuti izikankhira mpweya kunja. Hita yamagetsi siitulutsa poizoni wa makala, koma siichotsa madzi m'chipinda. Imafunditsa mpweya, mpweyawo umanyamula madzi ambiri, ndipo mukaizimitsa madziwo amakakhala pamalata ndi m'ngodya. Makina oziziritsa mpweya a m'maofesi amachotsadi madzi, n'chifukwa chake paipi yake imadontha panja, koma ambiri mwa iwo salowetsa mpweya watsopano, ndiye mazenera amafunikabe kutsegulidwa nthawi ndi nthawi.

Atsogoleri anga, mutu umodzi susenza denga. Ndikupemphani kuti sabata ino muyendere makomo a m'zoni mwanu, kuyambira a okalamba, a olumala, a amayi amene angobereka kumene ndi a ana amene akudzilera okha. Pakhomo lililonse muone zinthu zitatu: kodi pali bowo lotsegula kumtunda kwa khoma, kodi mbaula imagona kuti, ndipo kodi tsinde la khoma ndi louma. Kuboola bowo ndi ntchito ya ola limodzi kwa mnyamata amene ali ndi chikwanje. Khoma limene lang'ambika kapena lapendekeka mulilembe n'kukanena kwa oyang'anira za nyumba mvula isanayambe. Ndipo inu nonse, m'mawa wozizira mukaona kuti chitseko cha mnansi sichinatsegulidwe pa nthawi imene amadzukira, musachite manyazi. Gogodani, ndipo akapanda kuyankha itanani anthu.

Amene muli ndi mafunso, kwezani dzanja, tikambirane.